Ba Emelda ndi Linki Yotuwa ya ku Kamwenje

Kuno kwathu ukafunsa ngakhale mwana wa giredi wani kuti ndani amayenda patsogolo tsiku la sikelo, adzakuuza kuti ndi Ba Emelda. Ndi mayi wamfupi, wa miyendo yowuma ngati mitengo ya mpanda, ndipo akayamba kuyenda sacheuka. Pamutu amasenza chigubu cha madzi oti amwe anthu ena. Pakona ya chitenje amamangapo kafoni ka mabatani, kong'aluka pagalasi kuyambira tsiku lomwe mbuzi inakaponda m'khola. Kumbuyo kwawo kumatsata mzere wa azimayi, aliyense khanda kumsana, khadi la kusikelo m'kapulasitiki ka shuga.

Ntchito imeneyi aigwira zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe amawalipira. Midzi yathu ili kutali ndi Rufunsa, kutalinso ndi Mpanshya, motero anesi ndiwo amabwera pa njinga yamoto, sabata ino pansi pa mtengo uwu, sabata yamawa pa chisakasa chija. Pamafunika munthu wodziwa kuti lero sikelo ili kuti, ndi kuwafikitsa azimayi kumeneko. Munthuyo ndi Ba Emelda. Ndipo poti aliyense ali ndi chake chodzitama nacho, chawo chinali chimodzi: "Ine sindinasocheretsepo munthu."

Za njira anaphunzira kwa atate awo, Ba Mordecai, wofula njuchi wa kufupi ndi Shikabeta, kumene dziko limayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa. Mkuluyo anabala ana aakazi okhaokha, choncho Emelda ndiye ankanyamula ndowa ya uchi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. M'tchire njira zimagawikana ngati zala. Akafika pamphambano, anzawo akubwera kumbuyo, Ba Mordecai ankathyola nthambi yaiwisi ndi kuigoneka mopingasa panjira yomwe sanafune kuti anzawowo atsate. Tsiku lina Emelda, pofuna kuonetsa khama, anakokera udzu ndi zitsamba n'kukwirira njira yonse mpaka inasowa. Atate ake anamubweza kuti akachotse.

"Njira siibisidwa," anatero. "Mawa wina adzaifuna. Uitseke, koma ioneke."

Sukulu anailekera giredi folo chifukwa cha mtunda. Anakwatiwa kuno akadali mtsikana. Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anapita ndi chikuku asanakwanitse chaka, tsiku la katemera litadutsa iwo osadziwa. Nkhani imeneyi saikamba. Koma amene analipo nthawi imeneyo amati maliro atangotha, Emelda anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa makhadi a ana a eni ake, ndipo kuyambira pamenepo sanalekenso.

Wachiwiri ndi Towela. Miyendo anatengera amake, koma mutu, Ba Emelda amati, "sindidziwa anautola kuti." Anakhoza mayeso onse. Amake anagulitsa masau, nthochi ndi mitanga pamsewu waukulu wa ku Chipata, kuthamangira mabasi m'mawindo dzuwa lili pamutu, mpaka mwana anamaliza maphunziro a makompyuta ku Lusaka. Atapeza ntchito ku kabungwe kena kothandiza zaumoyo m'midzi, chinthu choyamba chomwe anapanga chinali tsamba la pa intaneti la anthu ogwira ntchito ngati ya amake.

Tsambalo silinali lovuta. Ukalitsegula pa foni, linkaonetsa maina a malo a sikelo m'mzere, olembedwa buluu: Mupapa, Kamwenje, ndi ena angapo. Dzina lililonse linali linki, ndiye kuti ukalidina limakutsegulira khomo lina. Mmenemo umalemba kuti ubwera ndi ana angati, ndipo Ba Eugene, nesi wa njinga yamoto, amaona ndi kulongedza katemera wokwanira m'chibokosi chawo chozizira. Kukakhala kuti malo ena safikako, Ba Eugene amatseka ali komweko, dzina la malowo limatuwa ngati phulusa, ndipo silinkayenera kutseguka.

Netiweki kwathu imapezeka pachulu cha kuseri kwa madimba. Ba Emelda ankakwera pachulupo chifuwa chili patsogolo, kafoni m'mwamba, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana.

"Mwaziona njira za m'foni izi? Analambula ndi mwana wanga."

Anthu anawamva mawu amenewa mpaka anawaloweza.

Zinachitika mu Febuluwale, mvula ili pakati. Lachiwiri masana anakwera pachulu, dzuwa lija lotentha la pakati pa mvula likuwalira pagalasi long'aluka. Pa kafoni kameneka, dzuwa likawala, buluu ndi phulusa ndi pachibale. Anatsika ndi batani la pansi, dzina ndi dzina, mpaka pa Kamwenje, nadina batani lapakati. Khomo linatseguka. Analemba kuti ana sikisi. Foni inayankha kuti, "Zalembedwa."

Lachitatu m'mawa ananyamuka ndi azimayi asanu ndi mmodzi. Mmodzi mwa iwo anali Fainess, mayi wa khanda loyamba, wa pakamwa pakuthwa ngati lezala. Mwana wake Mapalo anali atakwanitsa miyezi naini, nthawi ya katemera wa chikuku. Kupita ku Kamwenje ndi maola atatu, ndipo tsiku limenelo njira inali matope okhaokha, moti azimayi ananyamula mapatapata m'manja. Atafika anapeza m'chisakasa cha sikelo muli mbuzi. Anazithamangitsa, anayala zitenje, anadikira. Anayamwitsa, anadya chimanga chowotcha, anadikiranso. Dzuwa litapendeka kunadutsa bambo wina ndi ng'ombe zake.

"Mudikira ndani, azimayi?"

"Ba nesi."

"Aa! Kasenje wadzadza sabata yonse ino. Njinga ingawoloke bwanji? Simunamve?"

Kasenje ndi kamtsinje ka mbali inayo, panjira ya Ba Eugene. Njira ya azimayi siikawoloka, ndiye akanadziwa bwanji?

Pobwerera mvula inawapeza pakati pa tchire, popanda ndi pobisala pomwe. Makanda analira onse pamodzi. Fainess anaphimba Mapalo ndi chitenje chake chakunja, iye n'kutsala akunjenjemera, koma pakamwa sipanazizire.

"Ba Emelda, si ndinu amene simusocheretsa? Kapena lero tinapita kukapimitsa mbuzi?"

Ena anaseka, kuseka kwa anthu otopa.

"Mwana wanga akadwala chifuwa, mudzamufunditsa foni yanuyo."

Ba Emelda anangoyenda patsogolo, chigubu chopanda madzi chikugogoda pamutu.

M'mawa mwake anakwera pachulu ndi kuimbira Ba Eugene. Iwo anadabwa. "Ba mayi, Kamwenje ndinatseka sabata yatha. Palibe amene akanatha kulembetsa." Atadula, Ba Emelda anadzifunditsa chitenje kumutu kuti pakhale mthunzi, nayang'anitsitsa. Zoona, Kamwenje anali wotuwa pang'ono kusiyana ndi anzake. Anatsikirapo ndi batani, anadina. Khomo linatsegukanso, bwinobwino, ngati likuwalandira mlendo.

Anaima pachulupo nthawi yaitali. Maso awo anali atalakwa, inde, koma chitseko chotseka sichitseguka chifukwa choti maso a munthu akalamba. Cholakwa chinali m'kati mwa tsamba, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene analambula njira za m'foni, chifukwa anali atauuza okha. Potsika pachulu anali atasankha kale zonena. Pachitsime anati, "Ndinalakwitsa ndine, anzanga. Maso akalamba." Dzina la Towela silinatuluke pakamwa pawo.

Anawapatsa dzina latsopano, Ba Netiweki. "Ba Netiweki, lero mwagwira, kapena mwasowanso?" Dzina silinawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka ndi makomo. Atayendanso kukaitanira sikelo yotsatira, apa anauzidwa kuti atate ake a mwana akana, apo anauzidwa kuti tidzapita mvula ikatha. Fainess yekha ndiye sanazungulire.

"Ngati mutsogolera ndinu, ine ndi Mapalo tikhala."

Mapalo anali pamphasa, akumenyetsa timiyendo take tonenepa, akuseka ndi mano awiri. Ba Emelda anamuyang'ana, nawerenga miyezi pazala m'kati mwa chitenje. M'mudzi monse panalibe wodziwa kuposa iwo mmene tsiku lodutsa limathera. Sikelo ya sabata imeneyo anapita okha, ndi chigubu chodzaza.

Kumapeto kwa mwezi, Lachisanu, Towela anatsika minibasi kudzaona makolo. Madzulo anatenga ndowa kuperekeza amake kuchitsime, ndipo anaona kuti moni wafupika. Kenaka anamva dzina lija.

"Ba Netiweki ndi ndani?"

"Funsani amanu, ba Lusaka," anatero Fainess, akupukusa nkhata. "Ife tinapimitsa mbuzi ku Kamwenje."

Loweruka m'mawa, pansi pa mango wa pakhomo, Towela anawapanikiza amake mpaka ananena zonse. Atamva, anapukusa mutu.

"Amama, sizingatheke. Tiyeni pachulu."

Kumeneko anatulutsa foni yake yaikulu, ya galasi lokhalokha, natsegula tsamba. Anagwira Kamwenje ndi chala. Palibe chinachitika. Anagwiranso kawiri, katatu. "Mwaona? Siitseguka."

"Pa yakoyo. Tenga iyi."

Towela analandira kafoni kong'aluka ndi zala ziwiri, monga momwe munthu amalandirira nsomba yonunkha. Anatsika ndi batani la pansi. Kabokosi kosonyeza pomwe wafika kanaima pa Kamwenje. Anadina lapakati. Khomo linatseguka.

Anakhala pansi pomwepo, pachulu, diresi la ku Lusaka m'dothi lofiira. "Mayo ine," anatero, dzanja lili pakamwa.

"Manje ndiuze," anatero amake. "Koma m'Chinyanja."

Towela anapuma kaye. "Tsamba ili sindinaliumbe lonse ndekha. Pali chimango chopangiratu, ngati mafelemu a zitseko ogula m'shopu, iwe umangokhomapo zako. Chimangocho chili ndi liwu limodzi lomwe ukalilemba pa linki, linkiyo imatuwa ndipo siimvanso chala. Ine ndinalemba, ndinayesa ndi chala pa foni yanga, ndinati zatheka."

"Nanga yanga?"

"Yanu siiyendera chala. Imayenda ndi mabatani, linki ndi linki, ngati munthu woponda miyala powoloka mtsinje. Ikaponda pamenepo imapeza adiresi ya khomo ikadalipo, ndiye imalowa."

Ba Emelda anaganiza pang'ono. "Ndiye kuti chitseko unachipaka phulusa chabe. Sunachikhome."

"Ee."

"Unauza chala kuti chisalowe, koma phazi sunaliuze."

Towela anaseka, misozi ikutsika. Kenaka kuseka kunatha. "Chifukwa chiyani simunandiimbire? Masabata awiri anthu akukusekani pa mlandu wanga."

"Ndikanati chiyani pachitsime? Kuti mwana amene ndakhala ndikumuimba ngati nyimbo ya kwaya ndiye anatinyowetsa? Iwe, dzina langa ndi lakale, lili ndi zigamba kale. Lako likadali latsopano."

Anabwerera pansi pa mango. Towela anatsegula laputopu yake, nayamba kulemba timizere ta mitundumitundu.

"Ulemba chiyani?"

"Khodi."

"Kodi chiyani?"

"Khodi, Amama. Malamulo a tsamba."

"Ine ndimati ufuna kundifunsa kanthu."

Pasanapite ola anati wamaliza, ndipo anakweranso pachulu kukatumiza ndi kuyesa. Anapereka kafoni kwa amake monyadira. Ba Emelda anawerenga maina mmodzimmodzi, milomo ikuyenda. Anawerenganso.

"Kamwenje ali kuti?"

"Ndamuchotsa. Malo akatsekedwa asaoneke n'komwe. Chosaoneka palibe angachidine."

"Ndiye Estina wa kuseri kwa phiri, amene agwira ntchito ngati yangayi, akatsegula apeze Kamwenje kulibe, ati chiyani? Ati foni yafa. Kapena ati sikelo ya ku Kamwenje anaithetsa, auze azimayi ake choncho, asadzapitekonso ngakhale chilimwe." Anamanga kafoni pakona ya chitenje. "Vala nsapato."

Anayenda kudutsa minda ya chimanga mpaka pamphambano pomwe njira ya ku Kamwenje imasiyana ndi ya ku Mupapa. Ba Emelda anathyola nthambi ya msuku, ya masamba aakulu aja, naigoneka mopingasa panjira ya ku Kamwenje.

"Njira uiona?"

"Ndiiona."

"Ungapite?"

"Ndingalumphe."

"Ungalumphe, koma wadziwa. Wasochera dala, sunasocheretsedwe. Yang'ana masamba. Akuuza chiyani?"

"Ndi aawisi."

"Ndiye kuti atseka lero. Ukapeza owuma, ndi nkhani yakale, umakankha ndi phazi n'kudutsa. Phulusa lako lija silinena kuti unalipaka liti, silinenanso chifukwa. Ambuye ako, Ba Mordecai, sankathyola kanthambi kakang'ono ayi. Ankathyola yaikulu, kuti ndi woyenda kusanache, amene saona pansi, aigunde ndi phazi."

Towela anaima akuyang'ana nthambiyo, manja ali m'chuuno, mmene amaimira amake. Kenaka anatembenuka n'kuyamba kuyenda mofulumira, osacheuka.

Tsiku lonselo anagwira ntchito, ndipo chilichonse ankachifotokoza asanachichite, chifukwa amake anakhala pambali pake akusenda nyemba ndipo sankalola kudumphidwa. Kamwenje anamubweza pamzere. Koma tsopano malo akatsekedwa, adiresi ya khomo inkachokeratu pa linki, moti ngakhale udine bwanji, kulibe kolowera. Mabatani anawauza kuti akafika pamenepo alumphe, apite pa dzina lotsatira. Kumbuyo, kumene chiwerengero cha ana chimakalembedwa, anaikako lamulo lakuti ngati wina wadzera pawindo, akanidwe. Anakumbukiranso anthu osaona, amene foni zawo zimawawerengera mokweza, naika chizindikiro chobisika kuti liwu la foni likafika pamenepo linene kuti linki iyi ndi yotsekedwa.

"Ameneyo ndiye woyenda kusanache," anatero amake, osadzutsa mutu pa nyemba.

Kenaka anajambula kanthambi kopingasa patsogolo pa dzina. Atayesa pa kafoni, Ba Emelda anasuzumira, nakwinya mphumi.

"Iyi ndi nthambi kapena minga ya nsomba?"

Anajambulanso. Yachiwiri inaoneka ngati chipeso. Yachitatu, ya masamba atatu okha onenepa, ndiyo inavomerezedwa. Phulusa lija nalo analiderapo, chifukwa Ba Emelda anaumirira kuti akaliyese pachulu dzuwa lili pamutu, osadzifunditsa chitenje, ndipo anabweza mwana wawo kawiri mpaka zilembo zinaoneka. Pomaliza Towela anaimbira Ba Eugene ndi kuwapangira malo olembapo tsiku ndi chifukwa. Mmene nkhuku zinkalowa m'khola, pansi pa dzina panali mawu awa: "Kwatsekedwa kuyambira pa 9 Febuluwale. Kasenje wadzadza. Pitani pa Mupapa Lachinayi."

Lamulungu, mapemphero atatha, azimayi anasonkhana pamthunzi kunja kwa tchalitchi monga mwa nthawi zonse. Towela anaimirira. Amake anamukoka diresi kumbuyo, koma iye anagwira dzanja lawo n'kuliika pambali mwaulemu.

"Azimayi anga, ndili ndi mawu. Tsiku lija la ku Kamwenje sanalakwitse ndi Amama. Ndinalakwitsa ndine. Ndinatseka njira m'foni yanga, ndinaiwala foni ngati yawo. Iwo anasenza mlandu kuti abise ine. Munanyowa ndi ana chifukwa cha ine. Mundikhululukire."

Ba Emelda anayang'ana pansi.

Fainess anasuntha Mapalo kumuchotsa kumsana kumuika pachifuwa. "Mwakamba bwino, ba Lusaka. Koma manje tikhulupirire foni imodzimodziyo? Ya galasi lopondedwa ndi mbuzi?"

Apa Ba Emelda anadzutsa mutu. Anamasula kafoni pakona ya chitenje.

"Tiye pachulu. Udine wekha ndi manja ako. Ukalowa ku Kamwenje, tambala wanga wofiira ndi wako."

"Uja wamkulu?"

"Yemweyo."

"Azimayi, mwamva. Lero kwathu kuli ndiwo."

Anapita onse, ndi zovala za kutchalitchi, ena Baibulo m'khwapa. Fainess anapatsira mnzake mwana, anakwera pachulu, natenga kafoni. Anatsika ndi batani la pansi. Kabokosi kanafika pa dzina la pamwamba pa Kamwenje, kenaka kanapezeka pa dzina la pansi pake.

"Aa! Yalumpha."

Anakwera ndi batani la m'mwamba. Kanalumphanso. Anayesa pang'onopang'ono ngati wozembera nkhuku, anayesa mofulumira, anadina batani lapakati mpaka chala chinatuwa. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso. Azimayi pansi anayamba kumukuwiza.

"Limba, Fainess, tambala athawa!"

"Iuze kuti ndiwe mlongo wa Ba Eugene!"

"Iyi foni yaphunzira mwano," anatero Fainess, thukuta lili pamphuno. Kenaka anaibweretsa pafupi ndi maso. "Ichi n'chiyani? Nthambi?" Anayang'ana Ba Emelda, anayang'ana Towela. Palibe anafunika kumufotokozera, chifukwa kuno aliyense anakula akulumpha kapena kuzungulira nthambi zotere. Anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, za tsiku, za Kasenje, za Lachinayi pa Mupapa. Anatsika pachulu, anabweza kafoni, anatenga mwana wake.

"Tambala wapulumuka," anatero.

"Nanga Lachinayi?" anafunsa Ba Emelda.

"Tidzaona."

Towela anabwerera ku Lusaka Lolemba. Lachinayi Ba Emelda anadzuka, anatunga madzi, anadzaza chigubu, nakaima pansi pa mkuyu pomwe ulendo wa sikelo umayambira. Panalibe munthu. Mame anayamba kuuma pa udzu. Ana a sukulu anadutsa, anapereka moni, anapita. Iwo anatula chigubu, anachisenzanso, anachitulanso.

Woyamba kufika anali mayi wa mapasa, mmodzi kumsana mmodzi kutsogolo. Kenaka awiri pamodzi. Kenaka anthu anayamba kutuluka m'tinjira ta m'chimanga, makhadi m'manja, mpaka anakwana khumi, ndipo ena awiri anatumiza mawu kuti akusambitsa ana, atsatira. Fainess anafika pomaliza, akuyenda mosafulumira ngati wangodutsa.

"Ba Netiweki, tiyeni. Mwana uyu alemera."

Pamphambano paja, Ba Emelda anakumbukira awiri otsala m'mbuyo, natambasula dzanja kuti athyole nthambi. Anamva thyo! kumbuyo kwawo. Anacheuka, chinthu chomwe sachita. Fainess anali atathyola kale nthambi ya msuku, yaikulu, ndipo anakankha ndi phazi yowuma ya Loweruka lija n'kugonekapo yaiwisi panjira ya ku Kamwenje.

"Muyang'ana chiyani? Tsogolani."

Pa Mupapa njinga yamoto inali itaima kale pamthunzi, chibokosi chozizira chili pa benchi, sikelo ikulendewera panthambi. Mapalo anapimidwa wachinayi. Singano italowa anatulutsa mfuu yomwe inathawitsa mbalame mumtengo. Ba Emelda anali atakhala pa muzu, akugawa madzi m'kapu. Atamva kulira kuja anasiya kuthira, anatseka maso pang'ono, kenaka anapitiriza.

Mzere utatha, Ba Eugene anabwera akupukuta manja. Anati dzulo lake anzawo a kumalo ena anawaimbira kufunsa za kanthambi komwe kaoneka m'mafoni mwawo, ndipo azimayi a kumeneko anakamva msanga kuposa anesi.

"Anajambula ndani, ba mayi?"

"Mwana wanga," anatero Ba Emelda, chifuwa chikubwerera patsogolo. "Katatu. Koyamba inali minga ya nsomba."

"Anajambula ndi mwana wanu," anatero Fainess, akutonthoza Mapalo pabere. "Nanga anathyola ndani?"

Ba Emelda anangoseka, natsanulira Fainess madzi otsala.

Dzina la Ba Netiweki silinachoke, ndipo masiku ano amaliyankha. Mawu awo akale aja anawasintha. Mayi watsopano akafunsa ngati njira aidziwa bwino, amamuyankha kuti, "Ndinasocheretsapo kamodzi, anthu sikisi, mu Febuluwale." Akatero amamasula kafoni pakona ya chitenje, amamuonetsa kanthambi ka masamba atatu, amakamanganso, n'kusenza chigubu.